Pakamwa pakatsekeka, mankhwala adzera kuti?

Mwa malamulo onse a m'chipatala, palibe lomwe limawawitsa mtima odikirira odwala kuposa lakuti wodwala asapatsidwe chilichonse cha pakamwa. Kutuluka m'wodi nthawi yoti adokotala aone odwala, amamvera. Kugona pansi pa bedi kapena pakhonde, amapirira. Koma kuuzidwa kuti m'bale wawo asalawe ngakhale phala lamadzimadzi, pomwe akumuona milomo itauma gwa, ambiri amati imeneyo ndi nkhanza.

Ku Malindi, m'boma la Mangochi, nkhaniyi si yachilendo. Chipatala cha St Martin's, chomwe ndi cha mpingo wa Anglican mu dayosizi ya Upper Shire komanso chimodzi mwa zipatala za CHAM, chili kugombe la kuvuma kwa nyanja ya Malawi, pamsewu wochoka ku Mangochi boma kulowera ku Lungwena ndi Makanjira. Odwala ochokera m'midzi ya kunyanjaku amayenda mitunda italiitali, ena pakabaza, ena panjinga yamoto, ndipo ena pofika amakhala atakomoka kale, nsagwada zitalumana, kapena akusanza chilichonse chomwe chadutsa pakhosi.

Funso lomwe gadiyani amakhala nalo ndi lomveka: ngati munthu sakumeza, nanga mankhwala ake adzera kuti? Yankho lake ndi lakuti thupi la munthu lili ndi makomo angapo, ndipo pakamwa ndi khomo limodzi chabe. Pali mtsempha, pali mnofu, pali kunsi kwa lilime, pali mphuno, palinso njira ya chimbudzi. Ntchito ya namwino ndi dokotala ndi kusankha khomo loyenera mankhwala aliwonse. Koma ntchitoyi siyenda ngati gadiyani akubisa mapiritsi omwe wodwala amamwa kunyumba, kapena ngati akudikira kuti namwino atembenuke kuti amwetse wodwalayo thobwa.

Chifukwa chake amaletsa

Kummero kwa munthu kuli njira ziwiri zoyandikana. Ina imapita m'mimba, ina imapita m'mapapo. Munthu wabwinobwino akamameza, kachivindikiro kakang'ono kamatseka njira ya m'mapapo, ndipo kanthu kakasochera amatsamwa nkukatsokomola. Munthu yemwe wakomoka, yemwe wagwidwa ndi sitiroko, kapena yemwe wagonekedwa tulo ta opaleshoni alibe mlonda ameneyu. Phala lomwe lathiridwa mkamwa mwake likhoza kutsikira m'mapapo mwakachetechete, osatsokomola n'komwe. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri thupi limatentha, mpweya umabanika, ndipo achibale amati matenda akula. Chomwe chakula ndi chibayo chobwera ndi phala lija.

Madokotala adaphunzira izi movutikira. M'chaka cha 1946, dokotala wa amayi oyembekezera wa ku New York, Curtis Mendelson, adaunika mbiri ya amayi 44,016 omwe adachira pachipatala china mumzindawo ndipo adapeza kuti amayi 66 adapumira m'mapapo zomwe zidali m'mimba mwawo. Awiri mwa iwo adamwalira atatsamwa ndi chakudya cholimba. Kuchokera nthawi imeneyo, kusala chakudya munthu asanalowe ku opaleshoni kudakhala lamulo padziko lonse.

Masiku ano malangizo omwe madokotala ogonetsa tulo amatsatira ndi akuti chakudya chisiyidwe maola 6 opaleshoni isanachitike, mkaka wa m'mawere maola 4, ndipo madzi oyera maola awiri. Komabe zimasiyana malinga ndi matenda. Munthu yemwe matumbo ake apotana, vuto lomwe madokotala a opaleshoni m'Malawi muno amakumana nalo kawirikawiri, saloledwa ngakhale dontho. Kudera lomwe Asilamu ndi ambiri ngati la Malindi, anthu kusala amakudziwa bwino, koma kusala kwa kuchipatala sikutha dzuwa likalowa. Kumatha namwino akanena.

Malungo aakulu

Kugombe la nyanja, komwe udzudzu susowa chaka chonse, wodwala yemwe amalephera kumeza kawirikawiri ndi mwana wa malungo aakulu. Mankhwala a LA, omwe dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 2007 m'malo mwa Fansidar, ndi amphamvu ndithu, koma ndi akumwa. Mwana yemwe akusanza chilichonse, yemwe akulephera kuyamwa, yemwe wachita linjirinjiri kapena wakomoka sangathandizidwe ndi piritsi.

Pofuna kudziwa kuti mwana wakomoka kufika pati, achipatala amagwiritsa ntchito muyeso womwe udabadwira konkuno. Madokotala awiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, adaukonza m'chaka cha 1987 akugwira ntchito pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, ndipo lero umadziwika padziko lonse ndi dzina la mzindawu. Amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akulira akamva kuwawa, ndi momwe akusunthira manja. Mwana wabwinobwino amapeza 5. Yemwe wapeza 2 kapena kutsikira pansi ndiye kuti wakomoka kwambiri, ndipo supuni siyenera kuyandikira pakamwa pake.

Kwa zaka zambirimbiri, mwana wotere ankapatsidwa kwinini wa m'diripi. Kwinini adapulumutsa miyoyo yosawerengeka, koma ndi wovuta. Amafunika adonthe pang'onopang'ono kwa maola 4, kubwereza pa maola 8 aliwonse, ndipo akathamanga amasokoneza mtima. Amatsitsanso shuga m'magazi. M'wodi momwe namwino mmodzi akuyang'anira ana ambiri usiku, kuwerenga madontho a botolo lililonse si ntchito yamasewera.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 2010 pomwe zotsatira za kafukufuku wotchedwa AQUAMAT zidatuluka. Kafukufukuyu adakhudza ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi Tanzania. Mwa ana 1,000 aliwonse omwe adalandira kwinini, 109 adamwalira, pomwe mwa omwe adalandira jakisoni wa artesunate adamwalira ndi 85. Chaka chotsatira bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati artesunate ndiye akhale woyamba, ndipo Malawi adatsatira.

Artesunate amabwera ngati ufa m'kabotolo. Namwino amausungunula pomwepo, nkubaya mumtsempha kwa mphindi zochepa chabe. Mtsempha ukasowa, amabaya mumnofu wa pantchafu. Jakisoni woyamba amabayidwa pofika, wachiwiri pakapita maola 12, wachitatu pakakwana maola 24, kenako kamodzi patsiku mpaka wodwala atayamba kumeza. Mulingo wake umatengera sikelo, n'chifukwa chake mwana amayikidwa pasikelo ngakhale ali chikomokere. Ana osakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, pomwe olemera kuposa apo amalandira 2.4.

Nanga mwana yemwe wadwalika usiku m'mudzi wa kutali ndi Malindi kapena Lungwena? Apa mpomwe khomo lomwe anthu amachita nalo manyazi limagwira ntchito. Pali artesunate wa kakapisozi kolowetsa kunjira ya chimbudzi, kopangira ana osakwana zaka 6, komwe alangizi a zaumoyo a m'zipatala za m'midzi amaphunzitsidwa kuika mwana asanatumizidwe kuchipatala chachikulu. Kafukufuku yemwe adachitika ku Ghana, Tanzania ndi Bangladesh, nkutuluka m'chaka cha 2009, adaonetsa kuti mwa odwala omwe adatha maola oposa 6 asanafike kuchipatala, kakapisozi aka kadachepetsa ndi theka chiwerengero cha omwalira kapena kulumala.

Koma kali ndi msampha wake. Mwana akalandira amatha kutsitsimuka, nkutsegula maso, mwina kupempha madzi, ndipo makolo poganizira ndalama ya kabaza amabwerera kunyumba. Kakapisozi kaja sikachiza malungo. Kamangogula maola oti mwana afike komwe kuli jakisoni.

Linjirinjiri nalo lili ndi makomo ake. Mwana akamaphupha, kupeza mtsempha n'kovuta, choncho anamwino amathira diazepam kunjira ya chimbudzi ndi sirinji yopanda singano. Kale ankadaliranso paraldehyde, jakisoni wafungo lamphamvu yemwe amadya pulasitiki ya sirinji akakhalitsamo. M'chaka cha 2006, madokotala a ana a pa Queen Elizabeth, mmodzi mwa iwo Elizabeth Molyneux, adafalitsa zomwe adapeza atayesa kudonthetsera mankhwala a lorazepam m'mphuno. Mwa ana 80 omwe adalandira a m'mphuno, 60 adasiya kuphupha zisanathe mphindi 10, pomwe mwa 80 omwe adabayidwa paraldehyde adasiya ndi 49. Chomwe sichithandiza konse ndi kukanikiza supuni kapena kamtengo pakati pa mano a mwana, kapena kumuthira madzi mkamwa. Womugoneka chammbali ndiye wamuthandiza.

Diripi si chakudya

Anthu a m'boma la Mangochi sangaiwale kolera yemwe adabuka m'dziko muno mu Marichi 2022 nkupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 58,000 adadwala, oposa 1,700 adamwalira, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa kwambiri. Odwala kolera ambiri amachira ndi Thanzi ORS basi. Koma yemwe wafika maso atalowa, akusanza mosalekeza, amafunika madzi a m'diripi otchedwa Ringer's lactate, ndipo amafunika ambiri. Munthu wamkulu wa makilogalamu 50 amalandira malita 5 m'maola atatu oyambirira. Kwa mwana yemwe mitsempha yake yafota moti singano ikulephera kulowa, achipatala amatha kuboola fupa la kumsongolo nkudutsitsa madzi mmenemo. Kuona kwake n'koopsa, koma mkati mwa fupa muli njira yolunjika m'magazi.

Pali chikhulupiriro chakuti munthu yemwe ali pa diripi ndiye kuti akudya. Si zoona. Mabotolo ambiri ndi madzi ndi mchere, ena ali ndi shuga pang'ono yemwe sangafanane ngakhale ndi mbale imodzi ya nsima. Diripi imabwezera madzi, imatsegula njira ya mankhwala, koma munthu sangakhalire yomweyo kwa masabata. N'chifukwa chake wodwala akapitirira masiku osameza, nkhani ya chubu imayamba.

Chubu cha m'mphuno

Palibe chida cha m'chipatala chomwe chili ndi mbiri yoipa m'midzi kuposa chubu cha m'mphuno, kupatula mwina makina a mpweya. Anthu amati ukaona wodwala amuika chubu, yamba kuitana abale. Ena amakana, ena amachizula usiku. Kunena zoona, mbiriyi ili ndi pochokera: chubu chimaikidwa kwa odwala omwe adwalika kwambiri, ndipo ena mwa iwo amamwaliradi. Koma kuimba mlandu chubu kuli ngati kuimba mlandu ambulasi chifukwa chakuti imanyamula odwalika.

Chubu chimalowera m'mphuno, kudutsa kummero mpaka m'mimba, kulambalala malo omwe munthu amatsamwira. Mwana wobadwa masiku asanakwane amalandirira mmenemo mkaka womwe mayi ake afinya. Mwana wonyentchera yemwe wasiya kudya amalandirira mmenemo mkaka wa F-75. Wodwala sitiroko, kafumbata kapena matenda oumitsa khosi amalandirira mmenemo phala losefa ndi mankhwala ake. Kwa wodwala matumbo opotana, chubu chomwechi chimagwira ntchito yosiyana: chimatulutsa madzi ndi mpweya zomwe zadzaza m'mimba. Kuthira mankhwala kapena phala m'chubu chotere ndi kuthira madzi m'chitsime chomwe anzako akukapa.

Anamwino ali ndi ndondomeko yawo. Asanathire kanthu amayamba atsimikiza kuti chubu chikadali m'mimba, poti chimatha kusuntha wodwala akatsokomola kapena kusanza. Wodwala amamudzutsa kuti mutu ndi chifuwa zikhale m'mwamba, ndipo amakhala choncho kwa kanthawi akatha kulandira. Mankhwala amaperekedwa mtundu umodzi pa nthawi, osati kuwasinjira pamodzi, ndipo chubu chimatsukidwa ndi madzi aukhondo asanathire komanso atathira. Piritsi losasinjika bwino kapena phala lolimba limatseka chubu, ndipo kuika china ndi ululu womwe wodwala akadaupewa.

Nkhani yosinja mapiritsi ndi yomwe agadiyani ambiri amapusitsika nayo, poti kunyumba adazolowera kusinjira mwana panado pasupuni. Si piritsi lililonse lomwe limasinjidwa. Mapiritsi ena adapangidwa kuti azitulutsa mphamvu yake pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Nifedipine wa mtundu umenewu, yemwe amaperekedwa kwa odwala kuthamanga kwa magazi, akasinjidwa amatulutsa mphamvu ya tsiku lonse nthawi imodzi, ndipo magazi amatsika mwadzidzidzi moti munthu akhoza kukomoka. Timibulu ta mu kapisozi ya omeprazole tili ndi chikuto choteteza mankhwalawo ku asidi wa m'mimba; tikasinjidwa, mankhwala amaonongeka asanagwire ntchito. Mapiritsi a lopinavir, omwe ena mwa omwa ma ARV amalandira, amachepa mphamvu akaphwanyidwa. Munthu sangadziwe izi pongoyang'ana piritsi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mankhwala omwe adatsala kunyumba

Ngozi yaikulu, yomwenso sikambidwa kawirikawiri, ndi ya mankhwala omwe wodwala amamwa tsiku ndi tsiku asanadwale matenda omwe amugonetsa m'chipatala. Bambo wachita ngozi panjinga yamoto, wakomoka, anzake amunyamula. Dokotala akuona bala la kumutu. Sakudziwa kuti bamboyu amamwa phenobarbitone wa khunyu kwa zaka 10, ndipo kabuku kake ka kuchipatala katsala m'thumba la malaya ena kunyumba. Patsiku lachiwiri kapena lachitatu khunyu limabwera mwamphamvu, nthawi zina losalekeza, chifukwa mankhwala amtunduwu salola kusiyidwa mwadzidzidzi. Chonsecho phenobarbitone ali ndi jakisoni wake. Chomwe chidasowa ndi munthu wonena.

Matenda a shuga ndiye ali ndi mbali ziwiri. Piritsi la glibenclamide limatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sadadye, choncho kumwetsa wodwala yemwe akusala ndi kumukankhira kukomoka. Metformin nayenso amaimitsidwa munthu akadwalika kapena akamapita ku opaleshoni yaikulu. Koma yemwe thupi lake silipanga konse insulin amafunikabe jakisoni wake ngakhale asadye, ndipo achipatala amasintha mulingo, kuika diripi ya shuga, nkumayeza magazi a pachala pafupipafupi. Shuga akatsika kwambiri amabaya wa m'botolo mumtsempha. Pomwe mtsempha sukupezeka, malangizo a WHO amalola achipatala kuika shuga wa supuni yaing'ono, wonyowetsedwa ndi dontho la madzi, kunsi kwa lilime la mwana, komwe amalowa m'thupi popanda kumeza.

Palinso omwe akhala nthawi yaitali pa prednisolone chifukwa cha mphumu kapena matenda ena. Thupi lawo limakhala litazolowera, ndipo akasiya mwadzidzidzi pomwe akudwala magazi amatha kutsikiratu. Kwa otere dokotala amasinthira ku jakisoni wa hydrocortisone.

Ma ARV ndiye nkhani yomwe imafuna mtima. Kuyambira m'chaka cha 2019, anthu ambiri m'dziko muno amamwa piritsi limodzi patsiku lophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Piritsi limeneli achipatala amatha kulisinja nkulidutsitsa m'chubu, chimodzimodzinso mapiritsi a chifuwa chachikulu ndi Bactrim. Ana aang'ono ali ndi dolutegravir wawo wosungunuka m'madzi. Chofunika kusamala n'chakuti dolutegravir sagwirizana ndi mapiritsi oonjezera magazi kapena mankhwala oziziritsa chilungulira monga magnesium trisilicate. Zikakumana m'mimba yopanda chakudya zimamangana, ndipo mankhwala salowa mokwanira m'thupi. Namwino amazipatula nthawi.

Koma namwino angasinje bwanji piritsi lomwe sakulidziwa? Si zachilendo kuti gadiyani yemwe wabwera ndi wodwala, kaya ndi mlamu, kaya ndi apongozi, sadziwa n'komwe kuti m'bale wawo ali pa ma ARV, ndipo mkazi kapena mwamuna yemwe akudziwa amachita mantha kunena pagulu. Masiku amapita botolo lili m'chikwama. Kachirombo kamapeza mpata, ndipo kwa yemwe alinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, kusiya tenofovir ndi lamivudine kumatha kudzutsa matendawo mwaukali. Palibe lamulo lakuti nkhaniyi ikambidwe pabedi anthu akumva. Kukokera namwino pambali nkumuonetsa botolo n'kokwanira, ndipo iye amamangidwa ndi lamulo la ntchito yake kusunga chinsinsi.

Mankhwala azitsamba nawonso ndi ofunika kuwatchula. Achipatala ambiri amadziwa kuti m'mabasiketi a chakudya mumalowa timabotolo tina. Kumwetsa wodwala wokomoka madzi a mizu kuli ndi ngozi yomweyo ya phala, kuonjezapo yakuti palibe akudziwa chomwe mizuyo ichite ikakumana ndi mankhwala a m'diripi, impso ndi chiwindi zili zofooka kale. Apa anamwino nawo ali ndi mbali yawo. Gadiyani yemwe wakalipiridwa pagulu saululanso kanthu, ndipo mayi wachikulire yemwe Chichewa amachimva mwapatalipatali amagwedeza mutu kuvomera zomwe sadamve. Mphindi ziwiri zofotokoza m'Chiyao chifukwa chomwe phala laletsedwera zimateteza wodwala kuposa chikwangwani cholembedwa m'Chingerezi pamwamba pa bedi.

Kuchipinda cha amayi oyembekezera, makomo enawa ndi a tsiku ndi tsiku. Mayi yemwe magazi athamanga mpaka kuyamba kuphupha amabayidwa magnesium sulphate mumtsempha ndi m'matako. Yemwe akutaya magazi atachira amabayidwa oxytocin, ndipo pomwe palibe, mapiritsi a misoprostol amaikidwa kunsi kwa lilime. Odwala omwe vuto lawo laposa zipangizo za ku Malindi amawoloka mlatho wa pa Shire kupita kuchipatala cha boma ku Mangochi, ena mpaka ku Zomba kapena Blantyre, ndipo kalata yomwe amanyamula imanena mankhwala omwe alandira ndi ola lake. Kalatayi ikatayika panjira, olandira wodwala sadziwa ngati jakisoni wachiwiri wakwana nthawi kapena ayi.

Pomwe kumeza sikubwereranso

Pali odwala ena omwe pakhosi pawo sipadzatsegukanso. Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Imayamba ndi nsima kukakamira pachifuwa, kenako phala, pomaliza ngakhale malovu. Ambiri amafika kuchipatala mochedwa. Kuzipatala zikuluzikulu madokotala amatha kuika kapaipi kotsegula njira kuti munthu amezenso kwa miyezi ingapo, koma si onse omwe amafikako.

Kwa odwala otere, ndi ena onse omwe ali kumapeto kwa ulendo, funso limasintha. Mapiritsi ena omwe amamwa kuti adziteteze ku matenda a zaka za m'tsogolo dokotala amatha kuwaimitsa, nkusiya okhawo ochotsa ululu, mseru ndi kubanika. Morphine wamadzi, yemwe ndi msana wa chisamaliro chotere m'dziko muno, amaperekedwa pa maola 4 aliwonse, ndipo poti mulingo wake ndi wochepa amatha kudonthetsedwa pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya kwa yemwe akumezako malovu. Zikakanika pali jakisoni wa pansi pa khungu. Malo ngati Tiyanjane pa Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima, yomwe adayambitsa namwino Lucy Finch, akhala akuphunzitsa mabanja kuti kulephera kumeza si chifukwa choti munthu afe akubuula.

Amaphunzitsanso chinthu chomwe chimatonthoza agadiyani ambiri. Munthu yemwe watsala pang'ono kutisiya samva njala ngati mmene wamoyo amaganizira. Chomwe chimamusautsa ndi kuuma mkamwa. Kansalu koyera konyowetsa m'madzi, kopukutira milomo, lilime ndi nkhama, ndi mafuta pang'ono pamilomo, zimamupatsa mpumulo womwe kapu ya phala yokakamiza singamupatse. Manja omwe amafuna kudyetsa amapeza chochita.

Kubwerera ku supuni

Kwa odwala ambiri, tsiku limafika lomwe maso amatseguka ndipo munthu amapempha madzi. Namwino amamukhazika tsonga nkumuyesa ndi supuni yaing'ono ya madzi oyera. Akameza bwino, osatsokomola, mawu osasintha kukhala ngati a munthu yemwe ali ndi madzi pakhosi, amaonjezera pang'onopang'ono. Akatsamwa, amadikira tsiku lina.

Apa mpomwe mkangano wina umayambira, wosiyana ndi woyamba uja. Achibale omwe dzana amadandaula kuti wodwala sakupatsidwa kanthu pakamwa, lero akudandaula kuti amuchotsa pa jakisoni nkumupatsa mapiritsi wamba. Chikhulupiriro chakuti jakisoni ndiye mankhwala enieni chidazika mizu, ndipo ogulitsa mankhwala mozemba m'misika amadyerapo. Koma mankhwala ngati metronidazole, yemwe ambiri amamudziwa kuti Flagyl, amalowa m'magazi pafupifupi onse ngakhale amwedwe. Kasingano ka pulasitiki kotsalira mumtsempha kakakhalitsa kamatupitsa mkono ndipo kamatha kulowetsa tizirombo m'magazi. Jakisoni wobayidwa molakwika m'thako amasiya chithupsa, nthawi zina kupha mwendo wa mwana. Ndipo pachipatala cholipira, tsiku lililonse la pa diripi limaonekera pa bilu.

Palinso mtengo womwe dziko lonse limalipira. Jakisoni wa ceftriaxone ndi yemwe zipatala zimathamangira munthu akadwalika, ndipo akagwiritsidwa ntchito pomwe piritsi likadakwana, tizirombo timamuzolowera. Kafukufuku wa magazi a odwala a pa Queen Elizabeth, yemwe adatuluka m'chaka cha 2017, adapeza kuti pakati pa 2003 ndi 2016 tizirombo ta mtundu wa Klebsiella tosamva mankhwala a gulu limeneli tidakwera kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 tiritonse.

Kwa mwana wa malungo uja, kubwerera ku supuni kuli ndi lamulo lake. Ngakhale atadzuka nkuyamba kusewera atangolandira jakisoni woyamba, amayenera kumaliza majakisoni atatu a maola 24 oyambirira. Akatero amayamba LA, kawiri patsiku kwa masiku atatu, kumwa kasanu n'kamodzi konse, ndipo amamwera mkaka kapena phala lotsira nsinjiro chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Akasanza zisanathe mphindi 30, mulingowo umabwerezedwa. Mapiritsi ambiri mwa amenewa amamwedwa mwana ali kale kunyumba, kutali ndi maso a namwino, ndipo otsala sasungidwa kuti adzathandize mng'ono wake. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mayi akaona zikhatho ndi m'maso mwa mwana mwayera, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, abwerere naye kuchipatala kuti akamuyeze magazi, kabuku kake kali m'manja.